Moto wotentha mabuku uja, anauyatsa ndani?

Adimini: Moni nonse a m'gulu. Mwezi watha tinapangana kuti tiwerenge Fahrenheit 451 ya Ray Bradbury, ndipo tsiku lokambirana lija ndi lero. Tilipo 43 muno. Amene mwamaliza bukuli dzionetseni. Osanama, Mulungu akuona.

Mfana wa pa Ndirande: Ine ndafika pa tsamba 30. Koma filimu yake ndaonera pa foni, ndiye nkhani yonse ndikuidziwa bwinobwino.

Nangozo: Achimwene, mwatseka kale zokambirana zisanayambe. Bradbury akanakhala moyo akanakujambulani n'kukuikani pachikuto.

Mfana wa pa Ndirande: Asisi musandiyambe, kudakali m'mawa.

Adimini: Chabwino, ndifotokoze mwachidule kuti a tsamba 30 asasochere. Bukuli linatuluka mu 1953 ku America. Mwini nkhani ndi Guy Montag, wa ozimitsa moto. Koma m'dziko lawolo nyumba zinasiya kupsa, choncho ntchito ya ozimitsa moto inasanduka yowotcha mabuku pamodzi ndi nyumba zomwe abisamo mabukuwo. Mutu wa bukuli ndi mlingo wa kutentha umene Bradbury anauzidwa kuti pepala limagwirira moto, pafupifupi madigiri 233 pa muyeso umene timagwiritsa ntchito kuno. Mkazi wa Montag, Mildred, amaswera pabalaza pomwe makoma atatu onse ndi TV, ndipo akuvutitsa mwamuna wake kuti agule khoma lachinayi. Anthu a pa TV aja iye amawatenga ngati achibale ake. Usiku amagona atatseka makutu ndi tizipangizo tomunong'oneza nyimbo ndi nkhani. Funso langa nali: buku limeneli likutichenjeza za boma loletsa mabuku, kapena za ife eni ake?

Anesi ku Leeds: Ndiyambe ine ndisanapite ku ntchito. Pomwe panandigwira mtima si pa moto ayi. Ndi koyambirira kuja, Montag akufika kunyumba n'kupeza mkazi wake atameza botolo lonse la mapiritsi ogonetsa. Obwera kudzamupulumutsa si madokotala, ndi amuna awiri ongodziwa kuyendetsa makina opopa m'mimba, akusuta fodya pambali pa bedi, ndipo akuti anthu otere amawapeza ochuluka usiku uliwonse. Kutacha Mildred sakukumbuka kanthu, akudandaula njala, akukana kuti iye sangachite zotero chifukwa ndi wosangalala. Monga namwino, chandiwopsa n'chakuti mayiyu sakunama. Sakudziwadi kuti ali ndi chisoni, chifukwa sanakhalepo chete mpaka kudzimva. Kuno ku wodi ndimaona banja lonse labwera kudzazonda wodwala, anthu asanu azungulira bedi, aliyense mutu uli pa foni yake, wodwala akuyang'ana kudenga. Sindikuwaweruza, inenso pa buleki ndimachita zomwezo.

Aphunzitsi Opuma: Zikomo ana anga. Ine ndamaliza, ndipo ndinaliwerenga kawiri chifukwa maso anayamba kundinamiza. Ndinene zoona, bukuli silinandizizire m'nkhongono ngati momwe 1984 ya George Orwell, nkhani ya boma lozonda ndi kuopseza anthu ake, inandichitira, pa chifukwa chimodzi: za Orwell ife tinazidya ndi mchere womwe. Inu mukuti nthano, ife tikuti dzana.

Mu 1968 kunakhazikitsidwa lamulo la Censorship and Control of Entertainments Act, pamodzi ndi bungwe lounika mabuku, mafilimu, masewero ndi nyimbo. Mabuku mazanamazana analetsedwa. Animal Farm ya Orwell yemweyo inali pa mndandanda, ndipo sindifunika kukufotokozerani chifukwa chake buku la nkhumba zolanda ufulu wa nyama zinzake silikanakondweretsa akuluakulu. Nyimbo ya Simon ndi Garfunkel yotchedwa Cecilia inaletsedwa kaamba ka dzina lokha. Mu 1973 kunabwera lamulo la kavalidwe, amayi osavala buluku kapena siketi yaifupi. Wailesi inali imodzi, MBC. TV kunalibe, inadzayamba mu 1999. Pamsika kapena pokwera basi umafunsidwa khadi la chipani. Ngodya zinayi tinkaziloweza ngati pemphero: umodzi, kukhulupirika, kumvera ndi kusunga mwambo. Mwaona kuti kuganiza palibepo.

Koma chimene ndimachita nacho manyazi mpaka lero si chimene boma linachita. Pa sukulu ina yomwe ndinaphunzitsapo, ahedi anatsekera m'kabati mabuku pafupifupi makatoni awiri omwe sanali oletsedwa n'komwe. Anangoona kuti ena ali ndi mawu oti revolution pachikuto, lina linali ndi chikuto chofiira basi. Ndipo ine ndinawathandiza kunyamula. Palibe anatituma. Boma likaletsa khumi, ife mwa mantha tinkaonjezerapo makumi awiri. Mabuku aja anadyedwa ndi chiswe m'kabatimo.

Mfana wa pa Ndirande: Chikuto chofiira chokha? Madala mukunena zoona?

Aphunzitsi Opuma: Mwana wanga, nthawi imeneyo mwambi woti ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo ukutsata sunali wa m'kalasi ayi. Unali malangizo a moyo. Sumadziwa kuti kazitape ndani, mwina mnzako wa pa bawo, mwina mlamu wako.

Mwana wa Sukulu: Aphunzitsi, nkhani ya kabatiyo ikugwirizana ndi Bradbury kuposa momwe mukuganizira. Pali malo pamene mkulu wa ozimitsa moto, Beatty, amabwera kunyumba kwa Montag n'kumufotokozera mbiri ya ntchito yawo. Mfundo yake ndi yoti sizinayambe ndi lamulo la boma. Anthu anayamba kufuna zinthu zachangu, mabuku n'kumafupikitsidwa mpaka kutsala ndime imodzi. Kenako gulu lililonse linayamba kudandaula kuti buku lakutilakuti likutinyoza, olemba n'kumachotsa chilichonse chokhumudwitsa munthu, mpaka zolembedwa zonse zinasanduka phala lopanda mchere. Anthu atasiya okha kuwerenga, m'pamene boma linabwera ndi palafini kudzamalizitsa. Bradbury mwini, atakalamba, mu 2007 anauza mtolankhani wina kuti anthu amalimva molakwika buku lake, iye kwenikweni ankadandaula za TV kupha chidwi chowerenga.

Ndipo choseketsa, kapena chomvetsa chisoni: mu 1967 kampani yomwe inkasindikiza bukuli inatulutsa lina la ana a sukulu itachotsamo mawu otukwana ndi kusintha malo ena, osamuuza. Anadzazindikira cha mu 1979, n'kulamula kuti abwezeretse. Buku lodzudzula kudula mabuku linadulidwa kwa zaka zoposa khumi, osati ndi apolisi koma ndi anthu a mu ofesi ofuna kuti malonda ayende bwino m'masukulu.

Wa ku Joni: Ndakhala ndikungowerenga, koma apa ndilankhule. Nkhani iyi yoti anthu anasiya okha kuwerenga ndi ya ku America, tisaivale ngati jekete la pa kaunjika losatikwana. Munthu amasiya chinthu chimene anali nacho. Kumudzi kwathu m'nyumba munali Baibulo ndi buku la nyimbo, basi. Kusukulu buku limodzi la Chingerezi tinkaunjikirana anthu asanu ndi mmodzi, wina akuliwerenga chozondoka. Laibulale ndinaiona koyamba ndili Fomu 3, titapita pa boma. Ndiye mukati foni yatilanda mabuku, yatilanda ati?

Bradbury yemweyo sanapite ku koleji chifukwa chosowa ndalama, anadziphunzitsa yekha m'malaibulale aulere. Chiyambi cha buku limeneli anachitayipa m'chipinda chapansi cha laibulale ya yunivesite ya UCLA, pa makina olipira masenti 10 pa theka la ola, zonse pamodzi anawononga madola 9.80. Ankalira chifukwa ankaona chinthu chomwe chinamulera chikufa. Ife sichinatilere.

Ine bukuli ndaliwerengera pa foni yomweyi, m'takisi popita ku ntchito. Pa foni yomweyi ndimaona nkhope za ana anga omwe ali ku Mangochi, ndimatumiza ya fetereza, maliro a amalume ndinalira nawo pa vidiyo. Osamanyoza mlatho umene wakuwolotsa.

Nangozo: Achimwene a ku Joni, theka ndikuvomerezani. Koma inu muli kumene Wi-Fi amapezeka. Bwerani kuno muone mmene timagulira intaneti. Bandulo yotsika mtengo ndi ya WhatsApp, ya Facebook, ya TikTok. Bandulo yolowera paliponse ndi yodula. Ndiye munthu wamba amaona mutu wa nkhani pa Facebook, akadina kuti awerenge yonse sizitheka, bandulo yake siifika kumeneko. Amathera pa mutu ndi ndemanga za anthu ena omwe nawonso anathera pa mutu. Palibe amene waletsa nkhaniyo, palibe bungwe lomwe lakhala pansi. Mtengo wokha wamanga mpanda. Ine ndimagulitsa zitenje pa WhatsApp, sindingaisiye, koma ndikudziwa kuti chimene ndimatcha intaneti ndi khola la mbuzi, kunja kwake sindifikako kawirikawiri.

Wa ku Chipata: Muli bwanji a ku Malawi. Ine ndifuna kuti tisamuike Orwell m'manda msanga. Kuno kwathu pa 12 August 2021, tsiku la masankho, masana tinangoona WhatsApp yaima, Facebook yaima, Twitter yaima. Anthu anayamba kuphunzitsana za VPN, njira yozembera chiletsocho, pa mzere wovotera. Zinatengera khoti kulamula kuti atsegule. Ku Zimbabwe mu January 2019, anthu atakwiya ndi kukwera kwa mtengo wa mafuta, intaneti yonse inathimitsidwa. Ku Uganda mu July 2018 anaika msonkho wa mashilingi 200 pa tsiku kwa aliyense wofuna kulowa pa WhatsApp kapena Facebook, a Museveni akuti pamachuluka miseche, ndipo mu January 2021 anatseka intaneti yonse nthawi ya masankho. Kale kuti uletse buku umayenera kutuma anthu khomo ndi khomo. Lero ndi kalata imodzi yopita ku makampani ochepa a mafoni.

Mwana wa Sukulu: Ndiwonjezere pamenepo. Mu July 2009 Amazon inafufuta mabuku ena m'makina owerengera a Kindle a anthu omwe anali atagula kale, chifukwa amene anawaika pa msika analibe chilolezo. Limodzi mwa mabukuwo linali 1984. Anthu anangodzuka buku palibe, ndalama zabwezedwa. M'buku la 1984 momwemo ntchito ya mwini nkhani, Winston Smith, ndi kusintha nyuzipepala zakale kuti zigwirizane ndi zimene chipani chikunena lero, zakalezo n'kuziponya m'kabowo kopita ku ng'anjo. Winston ankatuluka thukuta ndi ntchito imeneyo. Pano nkhani ya pa intaneti imasinthidwa usiku, m'mawa palibe chipsera.

Aphunzitsi Opuma: Mwandikumbutsa mkangano wakale. Aldous Huxley, amene anatulutsa buku la Brave New World mu 1932, anaphunzitsapo Orwell Chifalansa pa sukulu ya Eton. 1984 itatuluka mu 1949, mphunzitsi analembera kalata wophunzira wake, kumuyamikira, koma n'kumuuza kuti olamulira a m'tsogolo adzaona kuti chibonga n'chotopetsa ndi chodula, chapafupi ndi kuchititsa anthu kukonda ukapolo wawo. M'dziko la Huxley mulibe njala, mulibe kumenyedwa, ukangomva kakhumudwa umameza piritsi lotchedwa soma. Makolo athu anazinena m'mawu atatu: pakadafunda padajiwitsa galu.

Ndikuuzeni chimene ndinaona ndi maso anga. Pa 8 March 1992 kalata ya maepiskopi a Katolika inawerengedwa m'matchalitchi m'dziko lonse lino. Inanena za umphawi, za malipiro, za zipatala, za anthu omangidwa popanda mlandu, za mantha olankhula. Boma linati ndi youkira, kupezeka nayo ndi mlandu. Malo amene inasindikizidwa ku Balaka anatenthedwa, ndiye musati moto wa Bradbury sunafike kuno. Koma kalata ija inayenda ngati moto wa lupsa. Ine si Mkatolika, koma ndinaiwerenga usiku pa koloboyi, yofotokopedwa mpaka zilembo zina zosaoneka, ndinaiwerenga katatu, m'mawa n'kuipereka kwa wina nditaikulunga m'nyuzipepala ngati usipa. Pofika pa 14 June 1993 tinali pa mzere wa referendamu kusankha nyali.

Lero mdzukulu wanga amanditumizira zikalata zazitali pa WhatsApp. Ndikamufunsa kuti zikuti chiyani, akuti agogo sindinawerenge, ndangotumiza. Kandimverere anakanena za m'maluwa. Mawu ataletsedwa tinkawasaka ngati ndiwo m'chilala. Pano ali mbwee, tikungowapondaponda.

Mfana wa pa Ndirande: Madala, ndi ulemu wonse, apa mwatilakwira. Nthawi zonse akuluakulu mumakamba ngati inu munali owerenga dziko lonse. Kalata ija munaiwerenga chifukwa inkakamba za moyo wanu. Ifenso zikatikhudza timatchera khutu. Pa 3 February 2020, majaji asanu akuwerenga chigamulo cha mlandu wa masankho, masamba pafupifupi 500, kuyambira m'mawa mpaka usiku, pa Ndirande pano aliyense anali pa wailesi. Makondakitala, ometa, ogulitsa chipisi. Miyezi yonse ya mlanduwo anthu ankatsatira m'Chichewa, mpaka ana ankadziwa tipeksi. Anthu opanda chidwi sangachite zimenezo.

Chinanso, mukuti tili pa ufulu wofunda. Anthu akhala akumangidwa kuno chifukwa cha zolemba pa Facebook ndi mavoisi a pa WhatsApp, pogwiritsa ntchito lamulo la 2016 la Electronic Transactions and Cyber Security Act. Nambala iliyonse ya foni inalembetsedwa ndi chiphaso. M'magulu ambiri adimini amayamba ndi kuchenjeza kuti ndale ayi muno. Kabati ya ahedi anu ija ilipobe, kungoti pano aliyense ali ndi yake m'thumba.

Aphunzitsi Opuma: Wandigwira pakamwa, mwana wanga. Za chigamulo zija ndinaiwala, chonsecho inenso tsiku limenelo nsima ndinadyera pa wailesi. Ndavomera. Koma tsamba 31 likukudikirabe.

Adimini: Ndipo lamulo loti ndale ayi muno ndinalemba ndine. Ndaimva.

Anesi ku Leeds: Ndili pa buleki. Achimwene a pa Ndirande akunena zoona kuti chidwi chilipo, koma tisachite ngati tikulimbana ndi chinthu chosalakwa. TV ya Mildred inkaonetsa aliyense zofanana. Foni yanga imandidziwa ine pandekha. Ikaona kuti ndaima masekondi angapo pa vidiyo ya mayi akulira chifukwa cha mwamuna wachimasomaso, imandibweretsera zina khumi zotero. Buku limatha, nyuzipepala imatha, ngakhale filimu ya ku vidiyo shoo imatha anthu n'kutuluka. Izi anazipanga dala zopanda mathero, chala chimangokankha. Ndipo sudziwa kuti yotsatira ikhala yokoma kapena ayi, ndiye umati ndione imodzi yokha. N'chimodzimodzi kandege kaja kamene kakumaliza ndalama za anyamata kumudziko. Mu 2021 mayi wina yemwe ankagwira ntchito ku Facebook, Frances Haugen, anatulutsa zikalata zosonyeza kuti kampaniyo inkadziwa kuchokera pa kafukufuku wake womwe kuti Instagram ikuvulaza maganizo a atsikana ena.

Ndinayang'ana pa foni yanga pamene imawerengera nthawi. Sabata yatha, maola oposa asanu pa tsiku. Ine amene ndimati ndilibe nthawi yowerenga. Bukuli ndi la masamba osafika 200, koma landitengera masabata anayi, ndipo ndimati ndikawerenga masamba awiri dzanja layamba kale kufufuza foni palokha.

Nangozo: Nanga tichite bwanji asisi? Mwana wanga wa zaka 9 akangogwira foni yanga, ungamuitane katatu sakumva. Ndikamulanda amalira ngati wamwalira munthu.

Anesi ku Leeds: Mayiko ena ayamba kulowererapo. Ku China kuyambira 2021 ana amaloledwa masewero a pa intaneti maola atatu okha pa sabata. Ku Australia mu November 2024 anakhazikitsa lamulo loletsa ana osafika zaka 16 kukhala ndi maakaunti pa masamba a mchezo. Nthawi zina ndimaganiza kuti kwathunso zikufunika.

Aphunzitsi Opuma: Pamenepo pondani bwino, mayi. Lamulo la 1968 lija silinabwere likunena kuti tikufuna kutseka anthu pakamwa. Linabwera ngati loteteza makhalidwe abwino, ana ndi chikhalidwe chathu. Ambiri tinaomba m'manja. Kuti boma lidziwe kuti uyu ndi mwana, liyenera kudziwa kuti aliyense amene ali pa intaneti ndi ndani. Mukapatsa munthu mpeni kuti akusendereni mango, mpeniwo sabweza. Ine mdzukulu wanga ndilimbana naye ndekha, ngakhale akundigonjetsa.

Wa ku Joni: Apa ndiye ndili mbali ya aphunzitsi. Koma mayi Nangozo akafuna kulanda mwana foni, amupatse chiyani m'malo mwake? Buku la nthano la ana m'Chichewa mungalipeze pa shopu iti pa Area 25? Tibwerera pomwe ndinayambira paja.

Mwana wa Sukulu: Pali mbali ina yomwe sitinaikhudze, ya kuganiza kwenikweniko. M'buku la 1984 lija chipani chikupanga chilankhulo chatsopano, Newspeak, chomwe mawu ake amachepa chaka ndi chaka, cholinga chake n'chakuti munthu asathe n'komwe kuganiza zoukira chifukwa mawu oganizira zimenezo kulibe. Ife a Chichewa nkhani iyi imatiwawa mbali ziwiri. Mu 1968 chilankhulo chathu chinakwezedwa kukhala cha dziko lonse, Chitumbuka n'kuchotsedwa pa wailesi mpaka 1994. Anzathu a kumpoto amakumbukira zimenezo ngakhale ife timaiwala. Mbali inayo, Chichewa chomwecho sitinachilole kukula. Taonani muno, tikukambirana mabuku atatu, onse a Chingerezi. Mtundu wa nthano zimenezi pa Chingerezi uli ndi dzina, dystopia. Pa Chichewa tiziti chiyani?

Ndipo ndiulule tchimo. Kuno ku koleji ambiri tikapatsidwa ntchito yolemba timafunsa ChatGPT. Inenso ndachitapo. Imakupatsa ndime zosalala, umakhoza. Koma tsiku lina aphunzitsi anandifunsa m'kalasi kuti iweyo ukuganiza bwanji pa zimene walembazi, ndinangoti kakasi. Maganizo anali pa pepala, dzina langa pamwamba, koma m'mutu mwanga sanadutsemo.

Mfana wa pa Ndirande: Dystopia tiziti dziko la manyi.

Adimini: Achimwene, muno muli makolo.

Wa ku Chipata: Nthano za dziko loola?

Nangozo: Ine ndikuti nthano zamalodza. Malodza amaoneka zinthu zisanachitike, ndipo amakhala akuchenjeza.

Aphunzitsi Opuma: Nthano zamalodza. Ndaikonda imeneyo, mayi. Ilembedwe.

Mwana wa Sukulu, usadzimenye kwambiri, koma funso la aphunzitsi akolo ulisunge. Ndikufuna ndifike kumathero a bukuli, a tsamba 30 andikhululukire. Montag akuthawa mumzinda, akutsika ndi mtsinje, akupeza anthu okhala m'mbali mwa njanji yakale. Alibe buku ngakhale limodzi m'manja. Aliyense analoweza buku lake pamtima, kudikira nthawi imene zidzatheke kulembanso. Mzungu amaona ngati zodabwitsa. Ine ndinaganiza za a Jack Mapanje. Buku lawo la ndakatulo, Of Chameleons and Gods, linatuluka ku London mu 1981, kenako linachotsedwa m'masukulu ndi m'mashopu kuno. Mu September 1987 anawagwira ku Zomba kuno n'kuwatsekera ku Mikuyu zaka zitatu ndi miyezi isanu ndi iwiri, osawazenga mlandu, mpaka 1991. M'ndendemo ndakatulo ankazipeka ndi kuzisunga m'mutu, poti pepala likanapezeka pa chipikisheni.

Ndipo taonani mutu wa buku lawolo. Bilimankhwe. Olemba a nthawi imeneyo, makamaka a Writers Group ya ku Chancellor College, anaphunzira kuphiphiritsa: amakamba za nyama, za mvula, za Napolo, za mafumu akale, wakumva n'kumva. Sanazitenge kutali. Amayi athu pa mtondo ankadzudzula apongozi ndi amuna awo m'nyimbo, wolakwa akumva ali pakhonde koma sangakwiye poti dzina lake silinatchulidwe. Kalulu wakhala akupusitsa njovu ndi mkango kuyambira kalekale, ana akuseka, akulu akudziwa kuti njovuyo ndi ndani. Sindikuyamikira nthawi ija, Mulungu asaibwezenso. Ndikungoti inatikakamiza kumvetsera mawu kawiri, pamwamba ndi pansi pake. Luso limenelo ndi limene ndikuopa kuti likupita, chifukwa silifuna buku kapena bandulo, limafuna munthu wokhala pansi n'kudekha.

Nangozo: Aphunzitsi mwandikumbutsa za Lachiwiri lapitali. Magetsi anazima, foni inali itatha moto, mwana akuvuta. Ndinati bwera ndikuuze nthano ngati mmene ankachitira agogo. Ndinayamba bwinobwino, padangokhala, ndinachita kumuphunzitsa kuti aziyankha kuti tili tonse, poti sankadziwa. Ndinasankha ya Kamdothi, mwana woumbidwa ndi dothi uja amene amayi ake ankamuimbira kuti athawe mvula. Mwana anakhala chete, maso ali tong'o mumdima. Ndafika pakati, nyimbo ndaimba mzere woyamba, wachiwiri wasowa. Ndayesa kung'ung'udza, osabwera. Ndi mathero omwe ndinayamba kukayika, kaya anasungunuka pakhomo penipeni kaya panjira. Mwana akuti ndiye zinatha bwanji amama? Ndinamuuza kuti tidikire magetsi ayake, titchaje foni, tiwaimbire agogo ako ku Ntcheu. Magetsi atayaka iye anathamangira makatuni, ine ndinathamangira kuona maoda a zitenje. Agogo sitinawaimbire mpaka lero.

Wa ku Joni: Mwaona, ndi foni yomweyo imene ikanakupulumutsani.

Nangozo: Ndi foni yomweyonso imene inatibalalitsa, achimwene.

Mwana wa Sukulu: Adimini, mwezi wamawa bwanji tiwerenge ya kwathu? Shadreck Chikoti analemba Azotus the Kingdom, inatuluka mu 2015, nkhani yake ikuchitika mu Africa zaka 500 zikubwerazo. Tione kuti Mmalawi akalosera malodza amaona zotani.

Adimini: Ndalemba. Amene ali nalo la pepala anene, tizibwerekana, ndipo wobwereka abweze, osati zija zinachitika ndi buku langa la chaka chatha. Dzina sinditchula, mwini wake akudzidziwa. Achimwene a pa Ndirande, mwapatsidwa sabata imodzi yoonjezera.

Mfana wa pa Ndirande: Aphunzitsi andiwonongera kale mathero. Koma chabwino, ndimaliza, ndikufuna ndione ngati Beatty uja ananenadi zimene akunena Mwana wa Sukulu. Mu filimu sindinazimve bwino, ndinkayankha mameseji.

Aphunzitsi Opuma: Mayi Nangozo, nyimbo ya Kamdothi ndikuikumbuka yonse, koma kwathu tinkaimba mosiyana pang'ono ndi a ku Ntcheu, ndiye amayi anu muwaimbirebe. Mdzukulu wanga akabwera ku sukulu andionetse podina, ndikujambulirani voisi. Mawu anga ndi okalamba, musaseke.

Nangozo: Tumizani aphunzitsi, koma isapitirire mphindi ziwiri. Bandulo yatsala pang'ono.